Dzino Langa ndi Anthu a Kanema

Lolemba

Kwafika anthu a kanema ochokera ku Lilongwe. Atatu. Mkulu wawo ndi mtsikana, dzina lake Tadala. Akuti akujambula za nthawi ya makadi a chipani, mmene inasiyira anthu. Afunsa padoko kuti wodziwa kusimba ndani, aliyense waloza kwanga. Nanga akanaloza kuti?

Ndiwapatsa nkhani ya dzino. Ija ya pamsika wa Salima: anyamata a malaya ofiira andiimika pageti, khadi ndilibe, ndiwauza kuti nsomba zanga sizinalowe chipani, mbama phaa, dzino pansi. Zaka zonsezi ndikuisimba, pamaliro ndi paukwati pomwe, sinandichititsepo manyazi.

Zokonza: jekete, ndevu, kakhosomo koyambira nkhani.

Lachiwiri

Jekete aikana. Akufuna malaya ong'ambika amene ndimasokera ukonde. Ndiyamba nkhani, ndisanafike n'komwe pageti, Tadala akweza dzanja: "Agogo, musalankhule kaye. Ingokhalani."

Ndikhala. Ajambula manja anga. Ajambula chitseko. Chitseko! Kenaka ntchentche pathandala la usipa, nthawi yoti munthu n'kufika ku Chinguluwe wapansi. Ndifunsa ngati m'kanemamu muli ndewu, kaya galimoto yogubuduzika. Akuti muli kukumbukira. Tsono anthu adzaonera chiyani?

Lachitatu

Lero andimasula. Ndisimba ndithu, mawu a anyamata aja ndiwatulutsa, mbama ndidziwomba ndekha. Wogwira kamera aseka mpaka chida chake kugwedera. Tadala sakuseka. Angofunsa kuti unali mwezi wanji. Ndati wokolola mpunga.

Mayi akunyumba, a Nabanda, ali pakhonde akupeta. Ayankha osafunsidwa kuti nthawi yokolola mpunga ine ndinkakhala kuchilumba cha Mbenji kopha utaka, chaka ndi chaka. Kamera itembenukira kwa iwo. Munthu amene ngakhale kumsonkhano wa amayi satsegula pakamwa!

Lachinayi

Tsiku lonse a kanema ali ndi a Nabanda. Ine andiuza kuti ndizidutsa kumbuyo kwawo, pang'onopang'ono, osacheuka. Ndadutsa kasanu ndi kawiri. Zomwe ndatola podutsapo:

dzino langa linachoka ndi nkhafi, m'bwato, ku Mbenji;
amene anapita ndi nsomba kumsika ndi achimwene anga, malemu a Faisoni;
sanabwere tsiku lomwelo, panapita milungu;
zoti nsomba sizinalowe chipani palibe anazinena.

Bodza! Mbamayo ndimaimva mpaka lero patsaya ili. Lamanzere. Kapena lamanja.

Lachisanu

Ndipita kukasaka mboni. A Chikopa, amene tinkapalasa bwato limodzi, akuti nkhafiyo inali yawo, ndipo andipepesanso. A Jafali akuti ogwidwa anali a Faisoni, koma kudepoti, osati kumsika. Aphunzitsi ena opuma akuti tinamenyedwa tonse awiri, kenaka afunsa ngati m'kanemamo muli malo a munthu wodziwa Chingerezi.

Ndabwerako ndi nkhani zitatu. Yanga palibe.

Loweruka

Tadala andikhazika pansi pa mtengo wa mango. Funso limodzi lokha: a Faisoni atabwerako ananena chiyani?

Sananene chilichonse achimwene aja. Anakhala pakhonde miyezi, anthu akubwera kudzawazonda, iwo duu, maso pansi. Alendo sangabwerere opanda mawu, ndiye ndinkayankha ndine. Poyamba ndinkasimba za iwo. Kenaka ndinadziikamo, wonyamula dengu. Anthu anayamba kuseka, achimwene nawonso tsiku lina anamwetulira. Tsiku limene ndinawachotsamo iwo n'kutsala ndekha pageti paja, sindikulidziwa.

Zonsezi sindinanene. Ndangokhala kukamwa yasa, kamera ikundiyang'ana. Tadala akuti, "Basi agogo, tapeza." Apeza chiyani? Alongedza, apita.

Lamulungu

Tatuluka m'tchalitchi, anthu andizungulira kuti ndiwasimbire ya dzino, ija yapita ku Lilongwe. Ndiyamba. A Faisoni ananyamula utaka kupita nawo ku Salima. Analibe khadi. Anabwerako patatha milungu itatu.

Ndaima. Akudikira. Mayi wina afunsa, "Ndiye yatha?"

Yatha.

Palibe waseka. Abalalika mmodzimmodzi. Atsala a Nabanda okha, akukonza mpango kumutu. Akuti milungu inali inayi.

Chabwino. Inayi.