Ndinadina Wani, Kunatuluka Naini

Zithunzi za chinkhoswe chathu zimakhala pansi pa sutikesi, ndipo mlendo akazifunsa ndimayamba nkhani ya mpira. Koma lero ndiulule ndekha, chifukwa a Jafali, ometa tsitsi ku Limbe, ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi, ndipo akumaithira mchere wambiri.

Ine ndimagwira ntchito ya makompyuta pa ofesi ina m'tauni mu Blantyre (kunena zoona, ntchito yeniyeni ndi yotulutsa mapepala pulinta ikawatafuna, koma kwathu ku Mbayani amanditcha injiniya, ndipo sindinawatsutsepo). Pa nthawi yopuma masana ndinkadziphunzitsa kupanga maapu a pafoni. A Jafali akhala akundimeta kuyambira ndili ku sekondale. Tsiku lina ndili pampando wawo anayamba kudandaula.

"Makasitomala amasiku ano sadziwa kunena chimene akufuna. Munthu akuti mundichepetse pang'ono, ukachepetsa akuti mwandipha. Zithunzi zapakhomazi nazo zinafwifwa, onse akuoneka ngati munthu mmodzi."

Mwana wawo wamkazi wa ku koleji anali atawapangira tsamba la pa intaneti la mametedwe naini: atatu pamwamba, atatu pakati, atatu pansi. Lokongola ndithu. Apa m'pamene pakamwa panga pananditsogolera. Ndinawalonjeza apu. Foni izigona pakauntala, theka la sikirini loyang'ana kwa iwo lizionetsa nambala imene munthu wasankha, theka linalo muzikhala tsamba lija, litazondoka, kuti kasitomala woima tsidya linalo aziona bwinobwino popanda kuinyamula. (Foni yawo yoyamba inapita ndi kasitomala wina amene anati akufuna akaonetsetse sitayilo panja powala.)

"Zingatheke zimenezo?" anafunsa.

"Masiku awiri basi."

Anakwana masabata atatu. Kulowetsa tsamba mkati mwa apu sikunavute, koma kulitembenuza ndi kumene kunandionetsa zakuda. Ulendo woyamba linangoyera mbee, popanda mutu ndi umodzi womwe. Ulendo wachiwiri linagona cham'mbali, mitu itafinyika ngati mandasi okhaliridwa m'minibasi. Ndinakwiya, ndinati njira za eni ake opanga mafoni zikhale, ndipanga kayalidwe kangakanga ka sikirini. Ndinalemba kuti foni isanajambule tsambalo izitembenuza kaye pojambulapo. Ndipo zinatheka! Mitu yonse inazondoka mwaulemu. Ndinadina sitayilo yapakati, nambala faifi, kumunsi kunatuluka faifi. Ndinadinanso, faifi. Kachitatu, faifi. Ndinatseka kompyuta n'kukadzigulira tchipisi chapachiwaya, cha nyama pamwamba.

Linali Lachisanu, mawa lake chinkhoswe changa. Esinati, bwenzi langa la ku Chirimba, anali atandilangiza kale: "Mukametetse bwino. Achibale akubwera kuchokera ku Mulanje, ena mpaka ku Milanje komwe. Asakaone ngati ndachita kukutolani pamsewu."

Ndinakwera minibasi ya ku Limbe ndikudzimva. Pabenchi ndinapeza makasitomala atatu akudikira. Nditaika apu m'foni ya a Jafali, ndinakamba kamsonkhano kakang'ono za chitukuko, kenaka ndinapempha kuti woyamba kuyesa ndikhale ine. Ndinaima mbali ya kasitomala n'kudina nambala wani, pakona yapamwamba: m'mbali mochepetsa, pamwamba posiya, ndi kamzere kamodzi. Ndinakakhala pampando, anandifunditsa nsalu, ndinavula magalasi. (Ine ndikavula magalasi ndimapereka moni kwa mapolo a magetsi.)

A Jafali anayang'ana mbali yawo ya sikirini nthawi yaitali.

"Achimwene, mwatsimikiza?"

"Che Jafali, apu imeneyi ndapanga kuti mafunso amenewa athe. Chimene yanena ndi chomwecho."

"Koma chinkhoswe si mawa?"

"N'chifukwa chake ndasankha imeneyo. Esinati amaikonda."

"Ohoo," anatero. "Akazi amasiku ano."

Ndinamva akuchotsa kachipeso kumashini, akunong'ona bisimila. Ine ndinatsinzina ngati bwana. Mashini anatera pamphumi, n'kuyenda ulendo umodzi osaima mpaka kunkhongo. Mphepo ya fani inandikhudza pamalo pamene sinafikepo chibadwire.

"Mwayambira pakati?" ndinafunsa, mawu atachepa.

"Mpala umayambira paliponse, achimwene."

Ndinafwanthula nsalu n'kuvala magalasi. Pakalilole panali munthu wofanana nane, koma pakati pa mutu wake panadutsa msewu wotakata, woyera, wopanda galimoto, ngati wa Chipembere Lamulungu m'mawa.

"Ine ndadina wani!"

"Kuno yalemba naini. Naini ndi mpala. Onani nokha."

Bambo wina wapabenchi, dalaivala wa minibasi, anadzuka kuti aweruze mlandu. Anadina fili, kunatuluka seveni. Anadina thuu, kunatuluka eyiti. Anadina faifi, kunatuluka faifi.

"Imeneyi yokha ndiye yoona," anatero. "Zinazi ndi za akondakitala, amati Limbe akupita ku Ndirande."

Pamenepo m'pamene nzeru zinabwera, mochedwa monga mwa nthawi zonse. Ine ndinatembenuza chithunzi chokha. Foni inkaonetsa tsamba lozondoka, koma chala inkachiwerengabe ngati tsambalo lili chilili. Ukadina pakona iyi, iyo imamva pakona yatsidya. Ndipo pa nambala zonse naini, imene siisuntha ngakhale uzondotse bwanji ndi yapakati, yomwe ija ndinaiyesa katatu n'kudyera nyama. (Pena ponena kuti "mwasankha chakuti, mukuvomera?" sindinaikepo. Ndinkati ndi kutaya nthawi.)

Benchi yonse inali itagwira m'mimba. A Jafali okha sanaseke, ngakhale ndevu zawo zinkanjenjemera.

"Ndiye titani, a injiniya? Titsirize, kapena muzipita choncho?"

Tinatsiriza. Ndinatuluka ndi kugula chipewa pa venda woyamba amene ndinakumana naye, n'kulunjika ku Chirimba, chifukwa nkhani yoipa ndi bwino uipereke wekha. Esinati ndinamupeza pakhonde akusita chitenje cha mawa.

"Chipewacho bwanji, dzuwa lapita kale?"

"Pachitika ngozi ya ntchito."

"Vulani."

Ndinavula. Anazimitsa ayironi, n'kundizungulira kamodzi. Ine ndinkangokumbukira mmene anavutikira kuti akwawo andilandire. Kenaka anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, mpaka amayi ake kutuluka kudzaona ngati kwagwa zovuta. Atapuma anandigwira mutu ndi manja onse awiri, n'kuupendeketsa uku ndi uku ngati akusankha chivwende.

"Koma mutu muli nawo wabwino, inu. Tsitsi lija limangobisa. Makutu okhawa ndi amene atulukira kwambiri."

Chinkhoswe chinayenda bwino. Pamene anatifunditsa zitenje ine ndi anzanga awiri kuti akuchikazi aloze mwini nkhani, azakhali a Esinati sanavutike n'komwe. "Ndi uyo chitenje chikumuterereka!" anakuwa, anthu n'kuwomba m'manja. Amalume ake, ankhoswe, amene dazi linawamaliza kalekale, anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti mkamwini wobwera atayera chonchi ndi waulemu.

Lolemba ndinakonza apu ija pa mphindi zochepa. Kunali kungotembenuza chimango chonse cha tsambalo, kuti chithunzi ndi chala ziziyendera limodzi. Ndinadina makona onse anayi, ndipo chiyambire tsiku limenelo chilichonse ndikapanga ndimayambira kuyesa m'mbali. Apu ikugwira bwino mpaka pano, makasitomala amaikonda, ndipo ine ndi Esinati tikukhala mwamtendere ku Chirimba.

Mwezi wathawu tsitsi litameramera ndinapita ku Limbe, ndinadina wani mosamala, ndinazungulira kauntala kukatsimikiza ndi maso anga kuti kwalembadi wani, n'kukhala pampando. A Jafali anayang'ana sikirini, anagwedeza mutu movomera, n'kuchotsa kachipeso kumashini.

"Che Jafali, yalemba wani!"

"Ndaona, achimwene, apu yanu ilibe vuto. Koma mayi akunyumba kwanu aimba kale foni, akuti naini."