Mvula ya a Zikhomo

Pamsika wathu aliyense ankadziwa kuti malemu a Zikhomo sankagawa anthu kuti awa amuna, awa akazi. Kwa iwo, anthu analipo mitundu iwiri basi: zikhomo ndi misampha.

Ntchito yawo inali kusaka zolakwika m'mapulogalamu a kompyuta, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu yanga ya maambulera. Ankati pofuna kugwira cholakwika, pulogalamu umayiimitsa m'njira ziwiri. Chikhomo umachikhoma pamzere umodzi, pulogalamu ikafika pamenepo imaima. Msampha ulibe malo, umangodikira kuti chinthu chakutichakuti chichitike, kulikonse. Koma m'kati mwake kompyuta imazilemba zonse m'kaundula mmodzi, chilichonse nambala yake, ngati ana a mimba imodzi.

Nawonso anatsegula kaundula wawo. Mlonda wapageti anali chikhomo nambala 1. Apongozi awo anali msampha nambala 2, poti ankatulukira paliponse pamene nyama yangopsa kumene. Mphaka wamumsika anamusintha gulu kasanu, kenako anasiya kumupatsa moni chifukwa chosakhazikika.

Ine ndinali nambala 14. Mtima wanga unali pa mtsikana wosoka wa shopu yapakona, ndiye tsiku lililonse 4 koloko ndinkaima pamasitepe kumudikira. Masiku 43, osadutsa ngakhale kamodzi. Kenako ndinamva zoti mwezi ukatha akusamukira kumsika wina.

"Mphwanga," anatero a Zikhomo, "wakhoma chikhomo pamzere umene pulogalamu sidutsapo. Mwanayu amatulukira khomo lakumbuyo."

"Ndiye ndikaime kumbuyoko, madala?"

"Ukhala chikhomo mpaka imvi? Khala msampha. N'chiyani chimamutulutsa panja asakufuna?"

Ndinayankha kuti ndi mvula, chifukwa amathamanga kukachotsa nsalu zimene amapachika pakhonde. Vuto linali loti mvula inali itasiya miyezi iwiri m'mbuyomo. Iwo anati chinthu chikakana kuchitika, katswiri amachiyambitsa yekha.

Lachitatu masana, dzuwa likuswa mtengo, anakhuthula ndowa zitatu zamadzi kuchokera pawindo lawo, kulunjika pakhonde la nsalu lija. Mtsikana uja anatulukadi liwiro, nane ndinali pomwepo, ambulera ili chitambasulire. Anayang'ana kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe. Ananunkhiza nsalu, n'kundifunsa kuti mvula inayamba liti kununkhira sopo wotsukira mbale. Anandilanda ambulera ija, anandikwapula nayo kawiri, kenako anakuwira m'mwamba:

"Inu a mitambo, tsikani mudzachape!"

Tinachapa nsalu maola awiri, atatufe. Apo m'pamene mtsikanayo anaulula kuti ankandiona pamasitepe paja tsiku lililonse, ndipo ankazembera kumbuyo poganiza kuti ndine wapolisi wovala zawamba. A Zikhomo anaumirira kuti njira yawo yagwira ntchito, ngakhale manja awo anali atachita makwinya ndi madzi.

Mtsikana uja anasamukadi mwezi utatha, koma makina ake osokera ndinanyamula ndine. Pano ndi mkazi wanga.

A Zikhomo sanafike paukwati wathu. Anamwalira kutatsala milungu itatu, atakhala pampando wawo, chala chili pa batani. Suti imene mkazi wanga anawasokera kuti adzavale paukwatiwo ndi yomwe anapita nayo kumanda.

M'kachipinda kaja pano muli malo ometera. Anthu amalowa pageti, n'kudutsa msika wonse mpaka kutulukira uko, popanda wowaimitsa kuti aone chimene chawalakwikira. Amafika kwawo msanga, koma nkhope zili gwa.