Papaya Wamwamuna wa ku Chiponde

Nkhani iyi sindimaikamba pamaso pa ana anga a sukulu, chifukwa ulemu wonse ungathere pomwepo. Koma inu imvani mmene Chingerezi changa chinandivulira pagulu, dzuwa likuswa mtengo.

Zinali zaka zija anthu ankakhamukira kuno kuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Ine ndinali tichala wachinyamata wochokera ku Ntcheu, atanditumiza pasukulu ina pafupi ndi Chiponde. Ndinkaphunzitsa English, ndipo ndinkadzimva koopsa. Mayina a zipatso ndinkawalakatula ngati nyimbo: nthochi banana, chinanazi pineapple, papaya pawpaw!

Holide itafika, bungwe lina lothandiza othawa nkhondo linkafuna womasulira pachipatala chawo cha tenti. Malipiro abwino, kuphatikiza kukwera Land Rover mpando wakutsogolo! Anati andiyese tsiku limodzi, ndikakhoza ntchito ndi yanga. Ndinafika nditamanga tayi, kutentha konse kuja.

Nesi wake anali mzungu wa ku England, wolankhulira m'mphuno. Kum'mawa zinkayenda bwino. Headache, mutu. Stomach, m'mimba. Ndinayamba kale kudziona mu Land Rover, chigongono pawindo.

Kenaka anafika Che Amadu, bambo wa ndevu zaimvi, kofiya kumutu, phazi litatupa chifukwa choyenda m'tchire. Nesi atamasula sanza ya pabala, anagwira pamtima.

"Oh, you pawpaw man!"

Zimenezo ndi zomwe makutu anga anamva. Pawpaw ndimaidziwa. Man ndimaidziwa. Chovuta n'chiyani?

"Akuti chiyani, atichala?" anafunsa Che Amadu.

"Akuti inuyo ndinu papaya wamwamuna."

Mayi wina kumbuyo kwa mzere wa odwala analephera kupirira, chikhakhali chinaphulika. Paja aliyense amadziwa papaya wamwamuna: amatalika bwinobwino, maluwa mbwee, koma chipatso ng'o! Ntchito yake n'kudulidwa basi.

"Asitaghafirula! Ineyo?" Che Amadu anaiwala phazi. "Afunseni, adziwira pati? Paphazi?"

Ndinakonza tayi. "Madam, he is asking, how do you know?"

"Know? Just look at him! Anyone can see it."

"Akuti zikuonekeratu. Aliyense akhoza kuona."

Eee! Bambo uja anadzuka ndi mwendo umodzi. "Abiti Juma! Bwerani kuno! Bweretsani ana onse!"

Panabwera mkazi wawo, mayi wowonda, khanda kumsana, kumbuyo kwake ana atandanda ngati masitepe. Che Amadu anawaimika pamzere patsogolo pa nesi, n'kudzimenya pachifuwa.

"Auzeni awerenge!"

Nesi anayang'ana ana aja, nthiti zili pamtunda, misozi inalengeza m'maso mwake. Anagwira dzanja la Abiti Juma.

"Oh, you pawpaw woman! All these children, and nobody to help you!"

Apa munthu wanzeru akanayamba kukayika. Ine ayi. Ndinakweza mawu kuti a kumbuyo amvenso.

"Akuti amayiwa ndi papaya wamkazi. Abereka ana onsewa popanda wowathandiza!"

Amayo! Mzere unagwa pansi ndi phwete. Agogo ena anachita kulavula mankhwala. Che Amadu anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mkazi wawo.

"Popanda wothandiza? Abiti Juma, ndiye anawa ndi a ndani?"

"Musandiyambe ine! Onani makutu awo, si anu amenewa?" Mayi uja anakoka mwana mmodzi khutu, mwana n'kuyamba kulira. Enawo anamutsatira. M'tenti munasanduka msika.

"Wallahi, lero tipita kwa ashehe!" anakuwa Che Amadu. "Ndawoloka nawo malire ana a eni ake, nditawabereka kumsana!"

Nesi anandikoka shati. "What on earth did you tell them?"

"Only what you said, madam. That he is a male fruit."

"A what?"

Ndinathamangira panja pomwe mayi wina ankagulitsa zipatso, n'kubwera ndi papaya m'manja, ndili ndi chidaliro chonse. "This one, madam. Pawpaw. The male one does not produce."

Nesi anayang'ana papaya, anayang'ana ine, kenaka nkhope yake inafiira mpaka m'makutu.

"Not pawpaw! Poor! P-O-O-R! Poor, poor man!"

Abale, liwu lomwe ife kusukulu timati "puwa", kwawo amalitchula "poo". Akalibwereza kawiri limafanana ndendende ndi papaya. Mzimayi wa Mulungu ankangomva chisoni, kunena kuti kalanga bambo wovutika inu! Ine n'kumuika m'munda.

Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Ndinayenera kuima pamaso pa khamu lija, papaya akadali m'manja, n'kulengeza kuti mzungu sanatukwane munthu, ana ndi a Che Amadu ndithu, wolakwa ndi makutu a tichala.

"Ndiye ana athu mumawaphunzitsa zimenezi?" anafunsa Abiti Juma.

Woyang'anira chipatala anali atafika kale kudzaona phokoso. Anandiuza mwaulemu kuti asaka womasulira wina, ndipo kunyumba ndibwerere mmene ndinabwerera, wapansi.

Nesi, poti anali wamtima wabwino, ataona ndagwetsa nkhope, anandigwira paphewa. Ndinaona milomo yake ikuzungulira. Mumtima ndinati, chonde madam, osanena!

"Oh, you poor, poor man!"

Ulendo uno sipanafunike womasulira. Mzere wonse, motsogozedwa ndi Che Amadu, unayankha pamodzi ngati kwaya:

"Papaya wamwamuna!"

"Itanani ana anu tiwerenge, atichala!" anakuwa Che Amadu.

Ndikanaitana ndani? Ndinali ndisanafunsire n'komwe.

Mzungu akakumverani chisoni, yambani mwamufunsa sipelo.