Ndani Akumwa Magetsi a Yupiesi Yanga?

Lolemba

Loweruka lino mlamu wanga Yohane akukwatira ku Mua. Ine ndinalonjeza pamaso pa abale onse a akazi anga kuti ndikonza kanema wa zithunzi za akwati, woonetsa pakhoma mu holo. Aone okha kuti mkamwini amene amamunena kuti amangodina mabatani uja ali ndi phindu.

Koma yupiesi! Kabokosi kameneka ntchito yake ndi imodzi basi: magetsi akathima, kagwire kompyuta kuti ndiseve. Lero magetsi athima, iko kangoti tii! tii! kenaka zii. Zithunzi zomwe ndasanja m'mawa wonse zapita. Mwezi watha kamagwira bwinobwino. Apa pali munthu.

Lachiwiri

Amene ndikuwakayikira:
a Sitefano, alamu aakulu. Batire ya njinga yawo yamoto inafa, nanga lero ikulira bwanji?
nyerere
mkulu amene anandigulitsa kabokosika, ankasekerera kwambiri.

Ndatsegula kabokosi. Batire ndi yanga yomwe ija, kadontho ka penti kamene ndinaika kalipo. Nyerere mulibe. A Sitefano ndawapatsabe moni wa kumphuno.

Kunjaku kukutentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. M'nyumba tili ndi apongozi, anabwera sabata yatha kuchokera ku Golomoti kudzakonzekera ukwati. Ine ndi iwo timapewana monga mwa mwambo. Akakhala pakhonde ndimadzera kuseri, mawu onse amadzera mwa mayi a Chifundo, akazi anga.

Lachitatu

Batire pa kaliyala, ulendo wa pa Mtakataka. Mkulu wokonza mafoni wayipima, akupukusa mutu. Akuti, "Bwana, iyi yatopa, mukuyikama kwambiri." Kuyikama ine? Ine amene ndimathimitsa kompyuta ngakhale popita kukamwa madzi?

Ndagula ina kwa iye yemweyo. Pobwerera ndayamba kumukayikira nayenso. Yatsopanoyo anali atayiika kale patebulo ndisanavomere n'komwe.

Lachinayi

Batire yatsopano yatchajidwa mpaka yadzadza, nyali yobiriwira ndayiona ndi maso angawa. Ndikupita kudimba mtima uli m'malo. Pobwera akuti magetsi anathima m'mawa, angoyaka kumene. Ndikhala pansi, ndisanja zithunzi za chinkhoswe, ndiika nyimbo. Magetsi athimanso. Tii! Tii! Zii.

Mayo ine!

Tsopano si za batire izi. Aneba athu dzulo anandifunsa akumwetulira, "Makina aja akuyenda?" Amafunsiranji? Chimanga timamva kuti anthu amakawa, nanga magetsi sangakawe? Ndauza mayi a Chifundo. Ayankha maso ali pa mpunga umene akusankha: "Muzingopemphera, bambo a Chifundo." Sanandiyang'ane. Nawonso ndayamba kuwaonera m'mbali.

Lachisanu

Ndanamizira kupita kudimba, ndabwerera chozemba masanasana. Magetsi kulibe. Kompyuta ndi yothimitsa, koma kabokosi kakulira! Kakudyetsa ndani?

Ndigwada, ndisuntha kabati. Pa ekisitenshoni yanga yochokera ku kabokosika pali waya woyera amene sindikumudziwa. Ndikumulondola chokwawa. Wadzera pansi pa mkeka, watsata khoma, walowa pansi pa chitseko cha chipinda cha apongozi. M'katimo fani ikungoti fuuu, bwinobwino.

Mayi a Chifundo andipeza ndili chigwadire. Alibe ndi manyazi omwe: "Ndinalumikiza ndine. Mayi amachita chizungulire ndi kutenthaku. Kompyuta yanuyo inayamba yatulukapo thukuta?"

Ndapsa mtima zedi. Koma ndikalipira ndani? M'chipindamo sindingalowe, kulankhula ndi apongozi sindingathe. Dzanja ndaika pa pulagi, kungokoka basi. Kenaka ndikumva mkonono wa apongozi, wautali, wamtendere. Mkamwini wodzutsa apongozi kuti asunge magetsi a nyimbo, nkhani imeneyo ikhoza kufika ku Golomoti dzuwa lisanalowe. Ndasiya. Kabokosi kalira mpaka kafa.

Magetsi sanabwerenso tsiku lonse. Kanema alipo theka, akuthera pomwe Yohane wayasamula.

Loweruka

Nsalu yoyera aikhoma kale pakhoma la holo. Woyendetsa mwambo akukuwa, "Tsopano tionere kanema wa alamu athu a zamakono!" Ine ndili kuseri, ndadzipatsa ntchito yonyamula makireti a zakumwa. Anthu akuyang'ana nsalu. Nsalu ili mbee. Wina waseka, ndikuganiza ndi aneba aja. Manyazi andigwira.

Pa perekaniperekani apongozi alanda maikolofoni. Ndati basi, ndatha ine. Iwo akuti, "Za kanemazo zisiyeni. Mkamwini wanga anandigulira makina oti ndizigona masana magetsi akathima. Makinawo atafooka anapalasa njinga padzuwa kukagula batire ina!" Nthungululu holo yonse! A Sitefano andigwira chanza ndi manja awiri. Chilowereni m'banja limeneli sanandiyamikepo chonchi, ndipo akundiyamika pa chinthu chimene anandibera.

Lamulungu

Uthenga wa apongozi wafika kudzera mwa mayi a Chifundo. Akuthokoza. Akuti kabokosi kalowe m'chipinda mwawo chifukwa waya akuwakola miyendo. Ngati n'kotheka ndikaletse kulira kuja, kumawasokoneza tulo. Ndipo ku Golomoti sabwerera msanga, adikira mvula igwe kuti kuzizire.

Ndakanyamula ndekha, ndakaika pakhomo pawo, ndatsokomola kuti adziwe, ndachoka. Kompyuta ndaifunditsa chitenje.

Ndatuluka panja kukayang'ana kumwamba. Kulibe mtambo ngakhale umodzi.