Apongozi ndi Sipika ya Kumanzere

Nkhani iyi ndikaiyamba anthu amaseka, koma sindinaonepo munthu amene anaseka mpaka kumapeto.

Zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo tinkachita kumuimira pamzere, ine ndinali ndi chonyadira kwathu ku Kabwata: wailesi ya makaseti ya masipika awiri oima paokha, yogula kwa mzungu wa ku Woodlands amene ankabwerera kwawo. Apongozi anga aamuna atabwera kuchokera ku Katete kudzaonana ndi madokotala, ndinawajambula akupereka moni ndi kuimba nyimbo ya kutchalitchi. Maikolofoni inali imodzi, ndipo mawu awo onse analowa mbali ya kumanzere yokha. (Nthawi imeneyo ndinkadzitcha katswiri.) Chaka chisanathe anamwalira, m'chipatala, akazi awo ali kumudzi.

Maliro atatha, apongozi aakazi anabwera kwathu. Amati kudzapuma, koma chenicheni chinali kaseti ija. Mkazi wanga anawayalira mphasa m'mbali mwa khoma, ine ndinayatsa wailesi n'kukakhala pakhomo nkhope kumbali, monga achitira mkamwini woleredwa bwino. Malemu anatsokomola, n'kuti, "Moni nonse kumudzi." Mayi aja anakhala pansi. Sipika ija zii.

"Akana kulankhula nane," anauza mwana wawo.

"Uwauze kuti ndi fumbi chabe," ndinauza mkazi wanga.

Mkamwini sakwawakwawa pansi pafupi ndi apongozi ake, choncho ndinadikira kuti apite kukasamba. Ndinapukuta m'kati ndi sipiriti, kuyatsa, malemu anaimba nyimbo yonse bwinobwino. Ndinatumiza uthenga wa chipambano. Anabwera, anakhala, zii.

M'mawa mwake atapita kutchalitchi ndinasinthanitsa masipika. Malemu anaimba. Madzulo zii. Ndinamenya pamwamba, ndinagwedeza, ndinapotokola mabatani onse, ndinatukwana mzungu uja chamumtima. Kenako ndinasenza chiwailesicho pa minibasi mpaka kwa wokonza wina m'tauni.

"Ba boss, iyi ilibe vuto," iye anatero. "Mvelani, ba shikulu baimba che bwino."

Mwaona tsono: wokonza uja anawamva, aneba anawamva, ana anafika poiloweza nyimboyo. Amene sanawamve ndi munthu mmodzi yekha amene anakwerera basi kudzawamva. Ndipo ine, mutu wanga wopusawu, nthawi iliyonse ndinkatumiza mawu akuti, "Uwauze kuti pamene anachoka paja inalira." Ndinkayesa ndikuwalimbitsa mtima.

"Mwamva nokha," anatero mayi aja tsiku lina, osakweza mawu. "Ndikachoka amalankhula. Akwiya kuti anafa ine kulibe."

Anasiya kupempha kaseti. Chakudya ankangochikhudza. Sabata yotsatira anati akufuna kwawo, ndipo tinawaperekeza ku basi ine nditanyamula katundu kumbuyo, patali ndithu, mwaulemu wonse.

Titabwerera, mkazi wanga anapinda mphasa ija kuti asese. Anaima chilili, kenako anandiitana ndi dzina langa lenileni, chinthu chimene sachita pokhapokha zitavuta. Pansi panali waya wa sipika ya kumanzere. Unali waufupi, ndiye kalekale ndinaulumikiza ndi wina pongopota nsonga n'kukulunga pepala la pulasitiki. Munthu akakhalapo, nsonga zija zinkalekana. Akanyamuka, zinkakhudzananso.

Kumudzi kunalibe magetsi oti n'kukalizira wailesiyo, ndiye tinangotumiza munthu kukafotokoza za wayayo, ndi kuti akadzakolola adzabwerenso. Yankho linabwera lakuti, "Mkamwiniyu ndi waulemu, akufuna kungondiziziritsa mtima." Mvula isanagwe, nawonso anatsikira kuli chete.

Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe. Masiku ano chinthu chikavuta ndimayamba ndayang'ana waya, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Koma ndikadzifunsa moona, sindidziwa ngati zikanathandiza. Ngakhale ndikanaganiza za mphasa ija iwo atakhalapo, kodi pakamwa pangapa pakanatuluka mawu akuti, "Amayi, tasunthani pang'ono"?