Mawu Makumi Anayi a Aga Nosrat

Mumsika wa ku Qazvin munalibe munthu wokayikira anzake ngati Aga Nosrat. Mukawauza kuti kunja kwacha bwino, ankayamba asuzumira kaye. Ankakhala pachipata cha msika ndi sikelo yopimira anthu, komanso kabuku kamene analembamo mawu achingerezi makumi anayi onena za kunenepa ndi kuonda. Mawuwo anawatola kalekale, akugwira ntchito kwa Angerezi ku Abadan.

"Anthu okhala ndi mawu makumi anayi a chinthu chimodzi," ankatero, "pali chimene akubisa."

Tsiku lina Ghorban wogulitsa nyama, chimunthu chodzaza pakhomo, anakwera pasikelo atatsamiza dzanja kukhoma.

"Siya khoma, Ghorban."

"Ndikungopumirako, Aga."

"Khomalo ndilipima palokha. Siya!"

Atasiya, muvi wa sikelo unathamanga mpaka kukagunda kumapeto.

"Angerezi akanati ndiwe *stout*, poopa mpeni wakowo," anatero Aga. "Ine ndikuti wanenepa."

Amene anawadziwa bwino mkuluyu ndi Khanum Talat, mayi wamasiye amene mwana wake yekhayo, Golnar, anakwatiwa ku Mangalande. Tsiku lina kunabwera kalata yachingerezi yochokera kwa apongozi a Golnar, ndipo Khanum Talat anathamanga nayo kuchipata. Aga anainunkhiza, n'kuiyang'ana padzuwa, kenako n'kuwerenga.

"Akuti mwana wanu tsopano ali *slim*."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Waonda, Khanum. Akanamumvera chisoni akanalemba kuti *skinny*. Koma akalemba mawu awa, ndiye kuti akukondwera nazo. Ndi apongozi a mtundu wanji okondwera mtengwa akamaonda?"

Khanum Talat sanachedwe. Anaimba foni, Golnar n'kuyankha kuti akudya bwino ndipo apongozi ndi anthu abwino. Anaitanitsa chithunzi, chinabwera: Golnar akumwetulira m'chikhothi chachikulu.

"M'chikhothi ichi mungalowe anthu awiri," anatero Aga. "Akubisa nthiti."

Kwa sabata yathunthu mayiyo sankadya bwino. Anayamba kufunsa mtengo wa makapeti ake kuti agule tikiti akamutenge mwana. Ndipamene Aga anamuitana.

"Khanum, mwanayu munamulera bwino?"

"Funso lanji limenelo? Wanga sangatambasulire dzanja m'mbale asanakane katatu!"

Aga anamenyetsa kabuku kaja pabondo. "Ndiye mwamupha ndi ulemu! Tsiku langa loyamba ku Abadan, mkazi wa bwana anandipatsa nkhuku. Ine ndinati, 'Ayi, zikomo, ndakhuta,' monga mwana wa munthu, n'kudikira kuti andikakamize. Mbale inanyamulidwa ndikuona. Anthu aja ukati ayi amamva ayi."

Aga analemba okha kalata yopita kwa apongozi aja, mizere iwiri yokha: mwana wathu akakana chakudya, mufunseni kanayi, ndipo akakanabe, ingomupakulirani. Patatha miyezi itatu yankho linafika, lodzaza ndi kupepesa. Apongozi ankayesa kuti Golnar sakonda zophika zawo, ndipo nawonso ankadandaula chamumtima. Tsopano, kalatayo inati, mwana ali *plump*.

"Wadzaza bwino, ngati nkhuku yoweta," anamasulira Aga. "Koma pepala limavomera chilichonse. Ndikhulupirira akadzaima apa."

Golnar anabwera pa Nowruz, chikondwerero cha chaka chatsopano, masaya atadzaza, zibangili zikukana kutuluka. Koma pachipata Aga panalibe, anali atatha milungu isanu ali chigonere. Mayi ndi mwana anapita kwawo ndi mphika wa supu wa nyemba. Anawapeza atatha ngati bango. Aga anamuyang'ana Golnar nthawi yaitali, diso limodzi atatsinzina.

"Wavala majuzi angati?"

"Imodzi yokha, amalume."

"Hmm. Chabwino." Aka kanali koyamba kuti Khanum Talat awamve akuvomera chinthu.

Khanum Talat anawapakulira supu. Aga anakana, iye n'kukakamiza. Anakana kachiwiri, kachitatu, zonse monga mwa mwambo. Khanum Talat anafunsa kachinayi, supuni ili m'manja.

"Ayi, Khanum," anatero mwakachetechete. "Iyi ndi ayi ya Chingerezi."

Mayiyo anatuluka n'kukalirira pabwalo. Aga Nosrat anamwalira sabata yomweyo.

Masiku ano makalata amawerenga ndi mphunzitsi wina wa pasukulu ya Chingerezi. Amawerenga bwino, zimene zalembedwazo basi. Khanum Talat amamuthokoza, n'kupinda kalata, n'kubwerera kwawo ndi nkhawa yake yonse, chifukwa mumsika monse mulibenso womuthandiza kukayikira.