Njinga Yamoto ya pa Chitunda

Mpaka lero anthu a kwa Shikabeta akandiona amazunguza chala m'mwamba n'kumaseka, choncho ndi bwino nkhaniyi muimve kwa mwini wakene.

Mkazi wanga atamwalira, mwana wathu Nelia, wa zaka zinayi, anatsala kwa agogo ake kuchigwa, kwa Shikabeta komweko. Ine ndinabwerera ku ntchito yanga yauphunzitsi kufupi ndi Rufunsa. Patatha chaka ndinafuna kukamutenga, koma apongozi anga anali atanena kale kuti mwamuna wokhala yekha, wopanda ngakhale njinga, sangasunge mwana. Akadwala mwadzidzidzi adzafika naye bwanji kuchipatala ku Mpanshya? Funsolo linali loona, ndipo ndinaganiza zoliyankha ndi injini.

Pakhomo pathu wodziwa kugula zinthu anali malemuyo. Malaya ovalidwapo kale a pa salaula ankawatembenuza, kukoka msoko uliwonse, kenako n'kuwasiya pomwepo. Ine ndinali ndi satifiketi ya sayansi basi.

Ba Tembo, mkulu wina amene kale ankagula chimanga m'midzi, ankagulitsa njinga yamoto pa theka la mtengo wa ku Lusaka. Nyumba yawo inali pamwamba pa chitunda, njingayo itaima pabwalo, mphuno italoza kumunsi. Ndinapita ndi kope. Ndinayang'ana matayala, tcheni ndi mabuleki. Ndinanunkhiza ngakhale oyilo (sindikudziwa kuti ndinkayembekezera fungo lanji).

"Nanga kiki iyi imagwira?" ndinafunsa, ndikuloza chopondera cholizira injini.

"Ba Ticha, kiki ni yoononga nsapato chabe," anatero ba Tembo. "Khalani apa, ikani giya yachiwiri, siyani buleki, muone mwekha."

Ndinatsetsereka, n'kusiya kilatchi, injini n'kubangula. Ndinalemba m'kope kuti "imalira bwino", ndipo ndinalipira. Sukulu yathu nayo ili pamtunda, motero mlungu wathunthu ndinkamva chisoni kuti ndamubera mkulu uja.

Loweruka ndinanyamuka. Njira ya kuchigwa ndi yotsika, ndiye ndinafika ngati nduna ya boma. Anandipatsa mpando. Apongozi aakazi anakhala chapatali pamphasa, atayang'ana kumbali monga mwa mwambo, pakuti ine ndi iwo sitilankhulana maso ndi maso. Nelia anandisuzumira kuseri kwa chitenje chawo, kenako anabwera n'kugwira bondo langa. Maso ndi a mayi ake. Ndisiyire pomwepo.

Ndinapereka pempho langa, ndikuloza njinga kawiri kapena katatu. Apongozi aamuna anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Tamva," anatero. "Tikuyankhani mukamanyamuka."

Nthawi yonyamuka itakwana ndinati ndilize kaye injini, yankho lindipeze ndili wokonzeka. Ndinaponda kiki. Inatsika ngati ndaponda dzungu lowola. Ndinapondanso, ndinapondanso, mpaka thukuta linaboola jekete. Kenako ndinaunguza uku ndi uku kufuna potsetsereka. Mchenga wokhawokha, wathyathyathya ngati tebulo. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake ba Tembo anamanga pachitunda.

Alamu anga awiri anandikankha mpaka kumunda n'kubwerera, koma tayala linkangolima mchenga.

"Alamu," anatero wamkuluyo ali wefuwefu, "munagula njinga kapena khasu?"

Ndiye apongozi aakazi analankhula, akuyang'ana mtengo wa mango: "Auzeni atate ake Nelia kuti kuseri kwa nkhokwe kuli chulu."

Tinaikweza pachulu atatu. Ndinakhalapo, ndinapemphera mwachidule, n'kutsika. Inalira! Mudzi wonse unaomba m'manja. Koma nditati ndichepetse moto kuti ndiime, injini inayamba kutsokomola, kufuna kuzima. Ndinaonjezanso moto. Chulucho sitikanachikweranso (alamu anali atagona chagada paudzu), ndipo yankho ndinali ndisanalimve. Ndinangoyamba kuzungulira bwalo, kudutsa pakati pa nkhokwe ndi khitchini, nkhuku zikubalalika.

Apongozi aamuna ndi munthu wolemekeza nkhani. Anaima pakati pa bwalo, chipewa m'manja, n'kuyamba kulankhula akutembenuka pang'onopang'ono kunditsata. Ndinkamva chidutswa chimodzi ndikadutsa pafupi nawo.

"...ife takhala pansi ndi amayi akunyumba..."

Nkhokwe, khitchini, nkhuku.

"...mwana uyu ndi wathu, komanso ndi wanu..."

"Inde, atate!" ndinakuwa. Ndinafuna kuomba m'manja mwaulemu, koma dzanja likanachoka pa moto zonse zikanathera pomwepo, ndiye ndinangogwedeza mutu ngati buluzi.

"...koma pa chinthu ichi sakwera!"

Ndinazungulira kamodzi osadziwa kuti ndilowere kuti. Kenako ndinamva phokoso limene sindinalimve pabwalo limenelo chichokereni maliro: apongozi aakazi ankaseka, atagwira nthiti, Nelia akudumphadumpha pambali pawo. Mwambo anauiwala. Anandiyang'ana m'maso n'kukuwa:

"Apongozi, pitani musanatigwetsere nkhokwe! Mwezi ukatha ndibwera naye ndekha!"

Ndinatsanzika ndi hutala.

Anabweradi, wapansi mpaka kumsewu waukulu, kenako pa minibasi. Anakhala milungu iwiri akuyendera mapoto anga ndi mabulangete, anaona njinga yopalasa imene ndinali nditagula (yatsopano, pa mtengo wake wonse), ndipo anabwerera okha.

Ndinaphunzirapo kuti chinthu chakale uzichiyesa pamalo amene mwini wake sakufuna, ndipo ana anga a m'kalasi ndimawauza zimenezi kawirikawiri. Koma ba Tembo anandiimitsa pamsika posachedwapa. Akuti ali ndi firiji ya palafini, yotchipa kwambiri, ndipo ndibwere ndidzaione mu Juni uno kukali kuzizira. Nelia amakonda madzi ozizira. Ndapitako kawiri, ndi kope.